Mwana wa ku Kanyama sadzaphunzira kuwerenga ku wekishopu

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, mu Lusaka muno mumakhala phokoso. Nduna iwerenga manambala pa wailesi, masukulu ena apachika nsalu pageti kudzitama kuti ana onse akhoza, makolo atumizirana zithunzi pa WhatsApp. Koma pali funso limene silifunsidwa pa wailesi iliyonse, chonsecho ndi lalikulu kuposa onsewo: mwa ana amene amaliza giredi 2 chaka chino m'makomboni a ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Misisi ndi ku Ng'ombe, ndi angati amene angatenge pepala limene sanalionepo n'kuwerenga ziganizo zinayi okha, popanda mnzawo wowanong'oneza? A hedi ambiri sangayankhe. Si ulesi ayi, kungoti palibe amawafunsa.

Manambala a dziko lonse amene tili nawo ndi ochititsa manyazi. Mu 2017 Zambia inalowa nawo m'kafukufuku wa PISA for Development, amene anayesa ana a zaka 15 omwe anali pasukulu. Owerenga mofika pa muyezo wotsikitsitsa wovomerezeka anali 5 okha pa 100 alionse, ndipo pa masamu anali 2. Awatu sanali ana ogona m'makhonde a ku Cairo Road. Anali ana a yunifomu, amene makolo awo akhala akuwagulira makope chaka ndi chaka. Ndipo vutoli silinayambe dzulo. Mu 2007 kafukufuku wa SACMEQ wa ana a giredi 6 anatipeza tili kumchira pa kuwerenga, ife ndi abale athu a ku Malawi.

Maganizo anga ndi awa. Sukulu yovutika siidzadzuka chifukwa tasinthanso silabasi, kapena chifukwa aphunzitsi awiri akagona ku loji ya ku Siavonga. Idzadzuka tikaika mphunzitsi waluso koposa onse m'giredi 1 ndi 2, tikamamusulira lusolo m'kalasi mwake momwemo ana ali pomwepo, ndiponso tikamawauza makolo zoona za mwana wawo m'mawu oti akatsimikize okha kunyumba. Madesiki, mpanda, makompyuta, zonsezo n'zabwino, koma zibwere pambuyo.

Kusintha mapepala tinakuyesa kale, ndipo tinakuyesa kokwanira. Kuyambira 1966 lamulo linati mwana aziphunzira m'Chingerezi kuchokera tsiku loyamba. Patapita zaka 30, mfundo za maphunziro za mu 1996 zinavomera kuti zinthu sizikuyenda, mwana aziyamba kuwerenga m'chilankhulo chimene amachidziwa. Mu 1998 njira ya Breakthrough to Literacy inayesedwa ku Kasama m'Chibemba, ndipo kuyambira 1999 Primary Reading Programme inaifalitsa m'dziko lonse ndi ndalama zothandizira zochokera ku Britain. Aphunzitsi akale amakumbukirabe makadi a mawu, timatumba topangira ziganizo ndi ana ogawidwa m'magulu anayi. Thandizo litatha, makadiwo anasowa limodzilimodzi osabwezeredwa, ndipo mphunzitsi watsopano ankapeza dzina la njirayo lokha, zida zake palibe. Mu 2014 tinayamba zina: Chinyanja ku Lusaka ndi kuchigawo cha kum'mawa, zilankhulo zina zisanu ndi chimodzi m'zigawo zina, zikhale zophunzitsira kuyambira giredi 1 mpaka 4. Tsopano ndondomeko ya mu 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, yabwezeretsa Chingerezi patsogolo. Mphunzitsi amene analembedwa ntchito cha m'ma 1990 waphunzitsa pansi pa malamulo anayi osiyana a chilankhulo. Nthawi zonsezo ankaitanidwa masiku owerengeka kukamva za kusinthako, n'kubwerera ku kalasi yomwe ija ndi choko chomwe chija.

Pa nkhani ya chilankhulo sindibisa kumene ndaima. Mwana amagwira msanga kuwerenga m'chilankhulo chimene amakangana nacho ndi anzake pa bola. Komanso Chinyanja sichinyenga polemba: lembo la a limamveka chimodzimodzi kulikonse kumene lakhala, pamene m'Chingerezi lembo lomwelo limasintha mvekero katatu kanayi. Mwana akazindikira kuti malembo amaimira mamvekero, sazindikira kawiri, amasamuka nalo lusolo popita ku Chingerezi. Makolo amene amadzimana kuti alipire tisukulu ta kuseri kwa nyumba chifukwa kumeneko mwana amaimba Chingerezi, sindiwaseka. Amaona okha amene amalembedwa ntchito kubanki ndi m'masitolo a ku Manda Hill. Koma kuimba ndi kwina, kuwerenga ndi kwina.

Komabe amene amati ingophunzitsani m'Chinyanja zonse zitheka, sanakhalepo m'kalasi ya mu Lusaka. Chinyanja cha m'buku chimafanana ndi cha ku Katete ndi ku Chadiza, cha mwana wa ku Chaisa ndi china. Iye amati manzi, buku likuti madzi. Iye amati manje, buku likuti tsopano. Kunyumba mwina amayi ake amalankhula Chibemba, agogo ake Chisoli kapena Chinsenga. Mphunzitsi naye mwina anakulira ku Mongu kapena ku Mansa, Chinyanja chake anachitola m'minibasi, ndipo mawu ena a m'bukumo amayamba wakafunsa mnzake mu stafurumu. Kaya unduna ulamule Chingerezi, kaya Chinyanja, mwana wa m'komboni amakumana ndi chilankhulo chimene si chake chenicheni. Chimene chimamupulumutsa ndi mphunzitsi wodziwa kulandira liwu la mwanayo, kulilemba pa bolodi pambali pa liwu la m'buku, n'kumuolotsa popanda kumuchititsa manyazi. Luso limenelo silifika pa kalata yochokera ku likulu.

Ndinakhalapo kumbuyo kwa kalasi ina ya giredi 2 m'komboni ina kumadzulo kwa mzindawu. Ana anayi pa desiki ya awiri, ena pansi mpaka kufika pa bolodi, moti madamu ankasowa poponda. Analemba pa bolodi kuti: Amayi aphika nsima. Analoza ndi ndodo, anawerenga, kalasi yonse inabwereza mokweza mpaka malata kunjenjemera. Anabwerezanso, anabwerezanso. Wodutsa panja akanati pano ndiye pali maphunziro. Koma ukayang'ana pakamwa pa ana, oyamba anali ochepa a kutsogolo, enawo ankatsatira m'mbuyo pang'ono ngati oyankha nyimbo ya kuchitsime. Kamnyamata kena maso kanali pawindo, koma pakamwa kakuwerenga bwinobwino. Kenako madamu anati kopelani m'makope mwanu, ndipo theka la nthawi linathera pamenepo. Ana ena amalemba mokongola zedi, amajambula lembo lililonse monga alionera. Madamu anadutsa ndi bolopeni yofiira kuchonga.

Madzulo mayi kunyumba atsegula kope, aona machongi ofiira, mtima ukhala pansi. Koma mumutengere pambali mwanayo, mumulembere mawu omwewo mosinthanitsa, nsima ikhale poyamba. Ayang'ana pepala, ayang'ana inu, n'kunena molimba mtima kuti amayi aphika nsima.

Madamu aja sindiwaimba mlandu. Anaphunzitsidwa choncho ali mwana, ndipo kuyimbitsa kalasi yonse pamodzi ndi njira yokhayo imene amadziwa yokhazikira chete ana oyandikira 100. Palibe anakhalapo kumbuyo kwa kalasi yawo n'kuwaonetsa ina.

Inatu ilipo. Kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi ntchito yamanja, ili ndi poyambira ndi potsatira pake. Uyamba ndi a, e, i, o, u. Mwana amve mvekero, aone lembo, alilembe m'mwamba ndi chala, alilembenso pa dothi. Ubweretsa m, osati dzina lake la m'nyimbo ya alifabeti, koma mvekero wake wa milomo yotseka, ndipo mwana alumikize yekha: ma, me, mi, mo, mu. Tsiku lomwelo akhoza kuwerenga mame ndi amama. Pakatha milungu ingapo ali ndi k, t, l ndi n, ndipo mawu amene angawerenge achuluka kuposa amene mphunzitsi anamuuzapo. Apa mpamene nkhope ya mwana imasintha, chifukwa waona kuti sakufunikanso kuloweza. Povuta pali kutsogolo, pa mb, nd, nkh, mph, nth, ts ndi dz, pamene ayenera kusiyanitsa pala ndi phala, ngoma ndi ng'oma. Mphunzitsi waluso amadziwa kuti ana ambiri amatsalira pamenepa, ndiye sathamanga ngakhale buku la mphunzitsi likunena kuti mlungu uno tikhale tili patsamba lakuti. Amafuna timabuku tating'ono tolembedwa ndi malembo okhawo amene ana afikapo, ndipo ngati palibe amadula katoni ya sopo n'kulemba yekha. Amawawerengera nthano mokweza tsiku lililonse n'kuwafunsa chifukwa chimene kalulu anathawira, kuti adziwe kuti mawu a papepala amanena kanthu. Ndipo pamene enawo akuwerengerana awiriawiri, iye amayenda pakati pa madesiki kumvetsera ana asanu, mmodzimmodzi, n'kulemba m'kabuku kake pamene aliyense wafika. Ana asanu patsiku, pa mwezi wamva kalasi yonse ya 100.

Zimenezi munthu saziphunzira atakhala pa mpando wofewa akuyang'ana pulojekita. Koma onani mmene timasulira aphunzitsi athu. Akatswiri a ku likulu aphunzitsa a kuchigawo, a kuchigawo aphunzitsa a ku ofesi ya DEBS yoyang'anira maphunziro m'boma lililonse, awa aphunzitsa oimira mazoni, ndipo nkhani imene inayamba ili ya milungu iwiri ikamafika kwa madamu a giredi 1 yasanduka ya masana amodzi. Ndipo tinene zoona: kumene kuli alawansi, opita kawirikawiri sakhala amene amaphunzitsa ana ang'ono. Apita a hedi, apita achiwiri awo, apita wogwirizana ndi a hedi. Abwerako ndi chikwama, tisheti ndi fayilo yokhuthala. Alawansi si tchimo. Ndi lendi ya mu Lusaka ndi mtengo wa unga, palibe mphunzitsi angaikane. Kungoti tisamawerenge anthu amene asaina pa mndandanda wa wekishopu ngati ana amene aphunzira kuwerenga.

Chopweteka n'chakuti chimango cha njira yabwino tili nacho kale. Kwa zaka zambiri masukulu athu ali ndi dongosolo la SPRINT, loti aphunzitsi azisulana pasukulu pomwepo temu iliyonse. Pali misonkhano ya magulu a aphunzitsi, ma TGM. Pali malo othandizira aphunzitsi m'mazoni ndi m'maboma. Kuyambira 2005, mothandizana ndi a JICA a ku Japan, tinayamba mwambo woti aphunzitsi akonze phunziro pamodzi, mmodzi aphunzitse enawo akuonerera, kenako akambirane. Pa pepala sitiperewera. Koma m'masukulu ambiri TGM inasanduka msonkhano wa zolengeza: za chopereka cha maliro, za chilimba, za tsiku lotsekera. Pomaliza wina alemba m'buku kuti takambirana za kaphunzitsidwe, onse asaina, kuti oyang'anira akabwera apeze zili bwino.

Chimene ndikupempha si chachilendo. Zoni iliyonse ya mu Lusaka ikhale ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri odziwika kuti ana awo amawerenga, amasulidwe ku kalasi, ntchito yawo ikhale kuyendera aphunzitsi a giredi 1 ndi 2. Afike kawiri pamwezi, akhale kumbuyo, aonerere, nthawi zina apemphe choko n'kuonetsa kwa mphindi khumi, ana akatuluka akhale pansi awiriwo akambirane chinthu chimodzi chokha choti chisinthe mlungu wamawa. Asabwere ndi fomu yopita ku fayilo ya munthu, chifukwa mphunzitsi akadziwa kuti wabwerayo ndi wogwira zolakwa, amaphunzitsa phunziro limene ana analidziwa kale. Kuno si ku Chama kapena ku Shang'ombo kumene woyendera amafuna galimoto yamphamvu ndi tsiku lathunthu. Kuchoka ku Matero kupita ku George ndi ulendo wa minibasi imodzi, mwinanso wapansi. Nalo bungwe la Teaching Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013 ndipo limapereka ziphaso kwa aphunzitsi, liziwerengera kusulidwa kwa m'kalasiku mofanana kapena koposa satifiketi ya kuhotela.

Koma woyenderayo akapeza yani m'giredi 1? Pa tsiku lopereka mphoto mlendo wolemekezeka aliyense amatiuza kuti m'mera mpoyamba, tonse n'kuwomba m'manja. Lolemba lake a hedi akamagawa makalasi, mphunzitsi wamphamvu amamuika ku kalasi ya mayeso, chifukwa dzina la sukulu limatuluka pamenepo. Giredi 1 imagwera wongofika kumene, wodwaladwala, kapena amene a hedi asemphana naye. Aphunzitsi eni ake amadziwa kuti kuphunzitsa ana ang'ono kulibe ulemu. Ndiye wanzeru amatenga ngongole, achita digiri ya Civic Education kapena ya mbiri yakale pa tchuthi, kuti athawire ku sekondale. Sindimudzudzula, njira yokwerera inamangidwa choncho. Timulipira munthu kuti achoke pamene tikumufuna koposa. Boma likanakhazikitsa udindo wa katswiri wa kuwerenga m'makalasi oyamba, wokhala ndi malipiro ake, woti munthu akwere koma akhalebe ndi ana a zaka zisanu ndi ziwiri. Chalimbana, imene kale inali koleji yosulira aphunzitsi omwe ali kale pantchito ndipo tsopano ndi yunivesite, ili pafupi pomwepa ku Chongwe. Ntchito imeneyi ndi yake.

Makoleji nawo ayankhepo. Wophunzira uphunzitsi akhoza kulemba bwino za akatswiri a maganizo a ana n'kukhoza, koma asanakhalepo ndi mwana mmodzi n'kumuchotsa pa kusadziwa lembo kufika pa kuwerenga liwu. Ine ndikanati asalandire dipuloma ya pulayimale asanaonetse zimenezo.

Umboni woti aphunzitsi athu omwewa angathe ulipo. Mu 2016 unduna unayesa m'masukulu 80 a kum'mawa ndi kumwera pulogalamu ya Catch Up, yotengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, ndipo kuchokera pamenepo yafalikira m'masukulu ambirimbiri. Ana a giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, n'kugawidwa osati mwa giredi koma mwa pamene afika: wosadziwa lembo, wodziwa malembo, wowerenga mawu, wowerenga ndime, wowerenga nkhani. Ola limodzi patsiku aliyense amaphunzira za pamene ali, atakhala pansi m'magulu, ndi makadi ndi choko. Chimene ndimakonda koposa n'chakuti oyang'anira ayenera kuyamba aphunzitsa ana okha ndi njirayo asanayambe kulangiza ena. Koma dzina lake likunena lokha, ndi yothamangira amene atsala kale. Tingamanyadire bwanji kugwira mwana ku giredi 4 pamene tikanamugwira ku giredi 1 temu yachiwiri? Kayesedwe kake kaja, kamene kamatenga mphindi zochepa pa mwana, katsike kafike ku makalasi oyamba.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi anene, ndipo sakulakwa. Ati mukunena za luso, bwerani mudzaone unyinji. Boma litachotsa malipiro a sukulu mu January 2022, ana amene anali pakhomo anabwerera, ndipo chimenecho n'chinthu chabwino chimene sindifuna chibwerere m'mbuyo. Chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi 30,496, ndipo ndalama za CDF, za chitukuko cha m'madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, zina n'kugulira madesiki. Koma m'komboni mulibe malo omangapo, mabwalo ena anadulidwa mapuloti kalekale. Ndiye chipinda chimodzi chimalowa ana a m'mawa, atuluke, alowe a masana, ndipo mwana wa giredi 1 amakhala pasukulu maola ochepa. Mvula ikagwa ku Kanyama madzi amatseka njira. Mu 2024 kolera inachititsa kuti masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January atsegulidwe pa 12 February. Zonsezi n'zoona, ndipo timange makalasi, tilembe aphunzitsi ena. Koma mwana amene ali m'giredi 1 lero sangadikire nyumba yosanja imene idzathe ali ndi ndevu. Maola akachepa mpamene luso limafunika koposa, ndipo ola la kuwerenga liyenera kutetezedwa. Lisamadyedwe ndi asembule, kusesa, kapena msonkhano wa aphunzitsi.

Tsopano za ife makolo ndi anthu a m'dera. Kwa zaka zambiri, sukulu ikanena kuti ikufuna thandizo lathu, tanthauzo lake linali njerwa, mchenga, thumba la simenti kapena ndalama ya PTA, komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Ndalamayo itachotsedwa, makolo ambiri anaona ngati ntchito yawo yatha, ndipo masukulu nawo anasowa chowaitanira. Palibe anatiitanapo kudzamva ana akuwerenga. Pa tsiku lotenga malipoti mayi amaima pamzere, nafika kwa mphunzitsi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, mwana wanuyu akuchita bwanji?" Yankho limakhala lakuti, "Akuyesetsa, mayi, mungomulimbikitsa." Pa lipoti alemba kuti ndi nambala 23. Mwa ana angati, ndipo oposa iyeyo akuwerenga kapena ayi, mayi sadziwa. Amabwerera ku Soweto Market kukagulitsa tomato ali wokhutira.

Bwanji mphunzitsi atanena kuti, "Mayi, mwana wanu amadziwa malembo onse koma sanayambe kuwalumikiza. Tengani khadi ili. Madzulo aliwonse akuwerengereni mzere umodzi, mulozereni mosinthasintha, musayambe pamwamba nthawi zonse. Temu ikamatha tikufuna akhale akuwerenga mawu"? Ena ati nanga mayi wosadziwa kuwerenga atani. Mayi wotero ali ndi makutu. Akamva mwana akuti a-ma-yi, amadziwa ngati latuluka ndi liwu la Chinyanja kapena phokoso chabe, ndipo apa ndi pamene kuwerenga m'chilankhulo cha pakhomo kumaposa Chingerezi kutali. Pakhomo pomwepo pali mkulu wake wa giredi 6, pali wa lendi mnzake. Mphindi khumi nsima isanapse, magetsi alipo kapena apita, zimakwana.

Mipingo ndiyo ili ndi chuma chimene sitikuchigwiritsa ntchito. M'komboni iliyonse matchalitchi ndi ochuluka kuposa masukulu, ndipo mabenchi ake amakhala opanda munthu pakati pa mlungu. M'nyumba zambiri mabuku a Chinyanja amene alipo ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Amayi a chigwirizano, a mphakati, a kwaya, onsewa amakumana mlungu uliwonse osaphonya. Ndiye pali anyamata ndi atsikana amene anamaliza giredi 12, akungokhala pa kantemba kudikira malo ku koleji. Atati asulidwe ndi mphunzitsi woyendera uja, apatsidwe makadi ndi timabuku, azikhala ndi ana khumi khumi masana m'tchalitchi kapena mumzikiti, masukulu akanapuma. A bungwe la Lubuto anaonetsa kale, ndi malaibulale awo a ku Kamwala ndi ku Garden, kuti ana a m'komboni ukawatsegulira chitseko cha mabuku amabwera okha. Koma achinyamatawa asagwire ulere. Makomiti a chitukuko a m'mawadi, amene amapereka maganizo a zoti CDF ichite, aganizireko kandalama kawo ndi ka timabuku, osati ngalande ndi madesiki okha. Ntchito yongodzipereka m'komboni imatha tsiku limene munthu wapeza ganyu.

Pali ena amene timawaiwala dala, aphunzitsi a masukulu a m'dera, amene makolo anayambitsa okha pamene masukulu a boma anadzaza. Bungwe la ZOCS, lothandiza masukulu a m'dera, lakhala likugwira nawo ntchito kuyambira 1992, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 linawavomereza masukuluwa. Ana osaukitsitsa a mu Lusaka ambiri ali kumeneko, ndipo owaphunzitsa ena sanapiteko ku koleji, amalandira kangachepe mwezi umene makolo asonkha. Woyendera zoni asawadumphe. Nthawi zambiri iwowa ndi amene amalandira malangizo ndi manja awiri, chifukwa palibe anawauzapo kuti amadziwa kale.

Pano ndichenjeze, chifukwa mawu oti anthu a m'dera athandize amakoma kwambiri m'kamwa mwa amene akufuna kuthawa udindo. Kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi ntchito ya sukulu, ndipo timailipira ndi misonkho. Mayi wogulitsa makala akalephera kukhala ndi mwana madzulo, mwanayo ayenerabe kuwerenga. Ndipo mphunzitsi amene amaphunzitsa mwaulesi m'mawa kuti ana omwewo abwere kunyumba kwake masana ndi ndalama ya tushoni, ameneyo akudya ana a anthu osauka, ngakhale malipiro ake achepe bwanji. Komiti ya makolo imene ikudziwa kuti ana angati a giredi 2 akuwerenga ili ndi poyambira kumufunsa. Imene ikungodziwa mtengo wa simenti ilibe.

Tisadalirenso kuti obwera ndi ndege adzatichitira. Pulojekiti ya kuwerenga ya Let's Read ya a USAID a boma la America, imene inayamba mu 2019, inali m'zigawo zisanu, ndipo Lusaka sinali m'gulumo. Mwina anthu amaganiza kuti likulu lili bwino chifukwa lili ndi misewu ya phula. Mu 2025 bungwe la USAID lenilenilo linatsekedwa. Zimene zinachitikira makadi a Breakthrough zidzachitikira chilichonse chimene malipiro ake sali mu bajeti yathu.

Ndiye a DEBS a Lusaka ayambe ndi chinthu chimene sichifuna wothandiza wakunja. Pakati pa temu yachiwiri, osati kumapeto kwa chaka pamene palibenso chochita, mwana aliyense wa giredi 1 ndi 2 awerengere munthu wamkulu payekha. Woyesayo asakhale mphunzitsi wake, masukulu oyandikana asinthane aphunzitsi tsiku limenelo, ndipo mmodzi wa komiti ya makolo akhalepo. Zotsatira zipite kwa kholo, kwa a hedi ndi kwa woyendera zoni, koma zisapachikidwe pageti ndipo zisakhale zolangira munthu, chifukwa tikatero ana adzaloweza pepala la mayesolo monga analowezera nsima ya amayi. Sukulu imene yatsika koposa ndiyo ilandire woyendera kawirikawiri ndi timabuku poyamba. Ndipo padzapezeka ana ena ochepa amene temu ndi temu sakusuntha ngakhale mphunzitsi achite zotani. Amenewo, asanatchedwe mbuli, apite kukiliniki akawaone maso ndi makutu.